Ndinkaima Kumbuyo kwa Madokotala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a ku Honde, a ku Chipinge ndi kulikonse kumene mawuwa akupezeni. Ndine mwana wa othyola tiyi, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Malawi kalekale. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa sukulu ya udokotala chifukwa cha ulemu.

Kwathu kukomboni tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula umaweramitsa mutu, sufunsa, sumuyang'ana m'maso. Akusukulu atatitumiza kuchipatala kukaphunzira pa odwala enieni, ndinanyamula khalidwe lomwelo. Madokotala akamazungulira m'wodi, ine kumbuyo, manja pamodzi, phee. Zinthu ndinkazidziwa ndithu, koma pakamwa panali pomata. Palibe anandiuzapo kuti ndikulakwitsa. Nthawi itatha anangondibwezera buku langa la ntchito losasainidwa, atalembamo kuti ndilibe chidwi. Kusukulu anati ndikalepheranso, basi, ndimange katundu.

Ndinabwerera kwathu ku Honde ngati munthu woyenda kutulo. Mmawa ndinkakhala pamtunda n'kumayang'ana nkhungu ikukwawa m'mizere ya tiyi, othyola akuoneka n'kuzimiririka, madengu ali kumsana. Mmodzi wa iwo anali amayi anga, amene anali atauza kale mpingo wonse kuti akulera dokotala. Manyazi anandigwira, mantha osanena. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, nditumizireni munthu wondiuza pamene ndikulakwa.

Ulendo wachiwiri ananditumiza kuchipatala china cha mishoni m'mphepete mwa nkhalango, cha ku Chipinge. Kumeneko kunali anamwino aakulu, mayi a mtundu wa Andau osapsatira mawu. Tsiku lachitatu anandikoka chovala.

"Mwanangu, ukubisalira chiyani kumbuyoko? Wabwera kudzaperekeza maliro?"

Ndinawafotokozera za kwathu. Anaseka, kenako nkhope inasintha, n'kunena kuti ulemu woterewu m'chipatala umapha wodwala. Kuyambira pamenepo, tikamaliza kuona odwala ankandiimika pakhonde n'kundiuza chimodzi chimene ndachita bwino ndi chimodzi chimene ndaphonya, tsiku lomwelo, zisanazizire. Anapemphanso madokotala kuti funso loyamba lizigwera ine. Masiku ena ndinkakalirira kuseri kwa thanki ya madzi, komabe kukacha ndinkapezeka ndasendera pafupi ndi bedi.

Tsiku londiyesa linafika. Wodwala anali agogo ena otupa miyendo, opuma mwabefu. Dokotala wamkulu anati vuto ndi impso, n'kundiyang'ana kuti ndivomere. Koma ine ndinali nditamvetsera pachifuwa pa agogowo, ndipo mtima wawo unkamveka ngati mphepo yodutsa pansi pa chitseko. Mutu wanga unayamba kuwerama wokha. Ndinaudzutsa.

"Pepani adokotala, ine ndikuona kuti ndi mtima. Tamvetseraninso apa."

Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anasintha mankhwala a agogowo, n'kutambasula dzanja kwa ine.

"Bweretsa buku lako ndisaine."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera m'kamwa lakuthwa la mayi amene sindinkawadziwa n'komwe. Inu amene munalephera popanda wokuuzani chifukwa, musataye mtima, pitirizani kugogoda, ndipo funsani ngakhale mawu akunjenjemera. Inunso amene mumaphunzitsa, musadikire tsiku lomaliza kuti muuze wophunzira pamene akuphonya. Agogo aja anatuluka m'chipatala akuyenda okha, ndipo ine ndikadali pasukulu. Ambuye alemekezeke.