A Gomezgani Mphepo ndi Mpando wa Pawindo

Malemu athu agona apawa, a Gomezgani Mphepo, anabadwa pa 9 Malichi 1958 kuno kwa Simlemba, m'boma la Kasungu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayamba mu 1966, ndipo anaphunzira mpaka Fomu 2 ku Mtunthama. Fizi itasowa anabwerera kumudzi kudzathandiza makolo kusoka fodya m'chigafa.

Mu 1979 anatsatira malume awo ku Limbe, komwe analembedwa ntchito ku njanji. Tonse kuno tinadabwa, chifukwa kwathu kuno sitima timangoimva m'nkhani. Ana ankauza anzawo kuti a Mphepo amayendetsa sitima, koma eni ake ankatsutsa poyera. Ankati kumutu kwa sitima, kumene kuli injini, amakhalako ena. Iwo ntchito yawo inali yoyendera mabogi okwera anthu sitima isananyamuke, nyundo ili m'manja, kugogoda gudumu lililonse ndi kutchera khutu. Gudumu labwino limalira mokoma, long'aluka limalira ngati mphika wosweka. Kenaka anawasamutsira ku Balaka, ndipo pa zaka zonse zomwe anagwira, bogi yomwe anaivomereza iwo sinatayepo munthu.

Pa 16 Ogasiti 1986 anamanga ukwati ndi mayi Liness, akhala pafupi ndi bokosi awa. Tsiku lomwelo, pamaso pa ankhoswe, analonjeza kuti adzawakweza sitima kuchoka ku Balaka kukafika ku Nayuchi. Ankachita kutchula ndi mpando womwe: bogi yachiwiri, pawindo, kuti akaone bwino Shire podutsa pamlatho wa ku Liwonde. Mayi anagula nsalu yatsopano yobiriwira ya ulendowo, naisunga m'sutikesi.

Koma mayi anatsala kuno, kusamala apongozi awo ndi munda. Inu alimi anzanga mukudziwa kuti fodya ndi mwana wosakula. Ukachoka ku nazale uli kowokera, ukamaliza kuthyola uli kosoka, ukadinda mabelo nazale ina yayamba kale kulira madzi. Malemu tchuthi chawo ankatenga m'dzinja kuti adzathandize kuthyola, ndiye tchuthicho chinkathera m'chigafa. Fodya akagulitsidwa mayi ankapezako mpata, koma bambo tchuthi alibe. Chaka ndi chaka yankho linali limodzi, lakuti fodya akatha. Akakumana pachitsime, amayi anzawo ankawafunsa mayi Liness ngati sitima yawo yafika, iwo n'kumangoseka. Ifenso tinkaseka nawo, osadziwa kuti tidzalira nazo lero.

Mu 2018 malemu anapuma pa ntchito, nabwera ndi nyundo yawo kumudzi. Munthu sasiya chizolowezi. Ngolo ya munthu ikaima pakhomo, ankaigogoda magudumu mwini wake asanapereke ndi moni womwe. Apa tinati tsopano ulendo uja watheka. Koma chaka chimenecho denga la chigafa linagwa, chaka chotsatira kunali ukwati wa mwana wawo Louisa, kenaka kunabwera mliri uja woletsa maulendo. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu. Mu 2022 anapezeka ndi matenda a shuga, miyendo n'kuyamba kutupa. Munthu amene ankamva mng'alu m'chitsulo anachedwa kumvera thupi lake.

Chaka chino ana anakhala pansi n'kugwirizana kuti nazale aisamala okha, makolo apite basi. Tsiku linaikidwa: 16 Ogasiti. Mayi anatulutsa nsalu ija n'kuyanika padzuwa kuti ichoke fungo la m'sutikesi. Pa 21 Julaye malemu anakomoka akusankha fodya wa belo lomaliza. Tinathamangira nawo ku chipatala cha Kasungu, komwe madokotala anayesetsa ndithu, koma Lachiwiri pa 29 Julaye anatisiya. Mawu awo omaliza kwa mayi anali opepesa. Zikutiwawa kwambiri, abale, chifukwa panatsala pang'ono.

Malemu asiya mayi Liness, ana anayi, Yewo, Louisa, Sunganani ndi Fundo, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndiponso mlongo wawo mmodzi, mayi Angelina.

Tikuthokoza mafumu, abusa ndi amayi a mpingo, adzukulu omwe akonza nyumba yomaliza, komanso a Rajab a kusitolo omwe anapereka galimoto yonyamula thupi osafunsa kanthu. Tikuthokozanso anzawo a ku njanji omwe achoka ku Balaka pa basi, poti kuno njanji kulibe. Iwowa apempha kuti maliro akatha adzawatenge mayi kukakwera sitima ija. Mayi athokoza, koma akana. Akuti mpandowo unali wa anthu awiri.

Amene munaona nkhope m'mawa muja munaona nsalu yobiriwira yomwe malemu afunda. Ndi yomweyo. Mayi awafunditsa okha ndi manja awo, isanavalidwepo n'kamodzi komwe.

A Mphepo, yendani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.