Anawaphera thumba la mchere

Aulutsi ndi omvera nonse, amuna anga anathyoledwa nthiti chifukwa cha thumba la mchere, zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani.

Madzi a pachitsime cha kachipatala kena kufupi ndi Khombedza anali oipa, sopo osachita thovu. Ndiye kunabwera thanki yodzaza timikanda tachikasu, tonga mazira a chambo, tokonza madziwo. Timikandato tikatha mphamvu, ankatitsuka ndi madzi a mchere, ndipo ntchitoyo inali ya amuna anga.

Tsiku lina mayi wina wa m'mudzi anawaona akukhuthula thumba la mchere m'thankimo, n'kukuwa kuti, "Bwerani mudzaone amene akutiwonongera madzi!" Anyamata a chipani atathamangirako sanafunse. Anawagwetsa pansi, kuwapondaponda pachifuwa, kuwathira mchere m'maso. Ndinadziponya pamwamba pawo ndikulira kuti, "Abale inu, afunseni kaye!" Chibakera chinandigulula dzino.

Amuna anga sanabwererenso kuntchito. Ankatsokomola magazi mpaka anatisiya. Thanki ija inachita dzimbiri, sopo n'kuyambanso kukana thovu, ndipo mayi uja anabwera pamaliro kudzalira nafe mopanda manyazi. Ine mpaka lero ndikamathira mchere m'ndiwo, ndimayang'ana kumbali.