Amene Ankatayipira Achipewa

Mphunzitsi wina wa za mabuku anali ndi mtsutso Loweruka: akuluakulu a laibulale ankafuna kuchotsa dzina la mlembi wakale, malemu Achipewa, pakhomo la chipinda chowerengeramo, ati mkuluyo anangotchuka chifukwa nthawi yake kunalibe wopikisana naye. Pofuna mboni, mphunzitsiyo anapita kwa azakhali ake, amene anatayipira Achipewa mabuku kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo anawapeza akusita makatani pathebulo la pabalaza.

"Azakhali, ndikufuna mawu amodzi okha oti ndikawatseke nawo pakamwa anthu aja," anatero mphunzitsi, akutsegula kope. "Kalembedwe ka Achipewa kanali kotani?"

"Koipa."

"Koipa bwanji?"

"Ngati nkhuku yapalasa pamchenga. 'A' ndi 'o' anali mapasa. Maso angawa anathera pamenepo."

"Sindikunena dzanja lawo ayi. Ndikunena mawu. Mawu awo ndi olemera."

"Eya, kulemerako ndikuvomera. Buku lachiwiri lija ndinalisenza pamutu kupita nalo kwa osindikiza. Khosi linandiwawa sabata yathunthu."

"Ndikuti ndi ozama, azakhali."

"Ankadinikiza cholembera. Pepala mpaka kubooka."

Mphunzitsi anapumira m'mwamba. Anatulutsa m'chikwama buku lakutha m'makona, lotchedwa Khomo Lopanda Chitseko, naligwira ndi manja awiri ngati khanda.

"Tiyambire pena. M'buku lonseli, masamba mazana atatu, mulibe mfunsiro ngakhale umodzi. Munthu ameneyu ankatiphunzitsa kuti moyo sufunsa, umangochita."

"Batani linathyoka."

"Batani lanji?"

"La mfunsirolo. Mphaka anagwetsa makina."

"Chabwino. Koma iwo anaona, n'kuvomereza kuti zikhale choncho. Kuvomerezako ndiye luso."

"Akanaona ndi chiyani? Magalasi awo anawakhalira chaka chomwecho."

Mphunzitsi analemba kanthu m'kope, n'kukafufuta. Anavundukula masamba msangamsanga, naloza ndi chala.

"Nanga ziganizo zifupizifupi izi? Tamverani: 'Anabwera. Anakhala. Anapita.' Ana asukulu amaloweza zimenezi. Palibe mafuta, mnofu wokhawokha."

"Pakati pa 'anabwera' ndi 'anakhala' panali masamba awiri."

"Ali kuti?"

"Aa, mwanawe, ndanena kale za nkhuku. Ndikapeza mawu oti ndawazindikira, ndinkatayipa. Pamene yapalasa kwambiri, ndinkadumpha."

"Munkadumpha Achipewa?"

"Ayi, iwo ankakhala pakhonde. Ndinkadumpha mizere."

"Ndiye kuti ankalemba mwadala moti inu mudumphe," anatero mphunzitsi, akugogoda thebulo. "Ankadziwa. Munthu wanzeru amagwiritsa ntchito chilichonse chimene ali nacho pafupi."

"Usagogode, upinda katani."

"Nanga amalume a mnyamata wa m'nkhaniyi, amene amangosowa m'mutu wachisanu ndi chiwiri osatchulidwanso? Akatswiri onse amagwirizana kuti chimenechi ndi chithunzi cha imfa, mlendo wolowa osagogoda."

"Tiyi."

"Ayi, zikomo, ndamwa kale."

"Sindikukupatsa. Ndikuti tiyi anatayikira pa mutu wachisanu ndi chitatu. Ndinauyanika pawindo, ndiye kunja kunali mphepo."

 Mphunzitsi anafunsa motsitsa mawu, ngati wofunsa za wodwala: "Ndiye amalumewo zinawathera bwanji?"

"Anakwatira. Anatsegula golosale."

Mphunzitsi anaimirira, nazungulira thebulo, n'kudzaimanso pomwe anali.

"Azakhali, inu mukufuna kundivula pagulu."

"Ukavula ubweretse, nsimbi ikadali yotentha."

"Mungoyankha funso limodzi. Achipewa anali munthu wamkulu kapena ayi?"

"Ankandilekeza m'phewa umu. Chipewacho ndiye chinkawawonjezera."

"Mbiri yawo, azakhali. Dzina lawo linafika kutali."

"Linafika, eya. Makalata ena ankachokera kunja. Ambiri anali ofunsa za amalume aja."

"Basi. Tengani zonsezo, mfunsiro, amalume, zonse. Koma mzere womaliza simungandilande." Mphunzitsi anatseka buku, naika dzanja pachifuwa, nayang'ana kudenga. "'Ndatopa. Zotsala tidzaona mawa.' Palibe mlembi anatsekapo buku chonchi. Mawu amenewa anawazokota pamwala wa pamanda awo. Ine ndinawanena pamaliro a bambo, inu nomwe munalira."

"Ndinkalira mchimwene wanga. Zimene unkanena iwe sindinazimve." Azakhali anaimika nsimbi, navula magalasi. "Tabwereza."

"'Ndatopa. Zotsala tidzaona mawa.'"

"Iii. Kodi anasindikiza ndi zimenezo?"

"Mukutanthauza chiyani? Simunaliwerenge bukuli?"

"Ndiwerengerenji, ndinalitayipa kale? Kameneko kanali kakalata kanga kopita kwa abwana. Linali Lachinayi, zala zitatupa, ndiye ndinakatayipa pansi pa tsamba kuti akaone pochokera pakhonde. M'mawa mwake ndinapeza osindikiza atatenga mulu wonse."

Mphunzitsi anafufuza mpando ndi dzanja, naukhalira pang'onopang'ono.

"Nanga mathero enieni?"

"Masamba makumi anayi. Palibe anawafunsa. Ali m'kabatimu, ndinayala pansi pa mbale." Azakhali anatambasula dzanja kuti atsegule kabati.

"Musatsegule."

"Sanawonongeke. Koma awiri okha, amene ndinakulungira matambula."

"Ndati musatsegule, azakhali. Buku linatha bwino."

Mphunzitsi anakhala akuyang'ana azakhali akewo nthawi yaitali, ngati akuwaona koyamba: duku lopendekeka, zala zokhota, masilipasi osiyana mitundu. Kenako nkhope yake inawala. Anatsegula tsamba latsopano m'kope, nasendeza mpando pafupi.

"Ndiye kuti zaka zonsezi mlembi weniweni ndimadya naye mbale imodzi. Tandiuzani, ponena kuti 'ndatopa', munkatanthauza chiyani kwenikweni?"

"Kuti ndatopa."

"Ndi moyo."

"Ndi kutayipa."

"Kutayipako kukuimira moyo. Nanga 'zotsala'? Zimene munthu amasiya padziko osazimaliza, si choncho?"

"Masamba makumi anayi aja."

"Koma 'tidzaona'. Simunati 'ndidzaona'. Munaphatikiza mtundu wonse wa anthu."

"Ine ndi abwana."

"Ndiye 'mawa'," anatero mphunzitsi. "Tsiku losafika lija, chiyembekezo cha aliyense wobadwa mwa mkazi."

"Lachisanu."

Mphunzitsi anapukusa mutu mwachisoni. Anatseka kope, nabweza buku m'chikwama, n'kuwasisita azakhali paphewa monga amachitira ndi mwana amene walephera mayeso.

"Loweruka musavutike n'kubwera, azakhali. Munalemba bwino kwambiri, koma zikuoneka kuti bukuli simunalimvetse."