Chifuwa cha Nelesi chinapezeka mumkodzo

Kale, masiku amene matenda aja tinkangowatchula kuti kaliwondewonde, ndipo powatchula tinkayamba tacheuka, kuno kwa Simlemba aliyense ankatsokomola nyengo yosankha fodya. Manja asaime ana inu, makutu samanga ndindi za fodya. Unkati ukalowa m'chigafa ngati muno, abambo kho, amayi kho, ndipo tonse tinkalidziwa dzina lake: fumbi la fodya. Mankhwala ake unali mkaka, wosowa mkaka ankatafuna mtedza wauwisi. Ndiye chifuwa chachikulu chikafuna pobisala, chikanapita kutinso kusiya pakati pathu?

A Mwale, amuna a msuweni wanga Nelesi, anapita choncho. Anapereka makhololo masiku atatu, kuchipatala anayang'ana pamakina awo, ndipo anabwera ndi pepala loti chifuwa chachikulu mulibe. Ena amati fumbi, ena amati mdulo, mkaziyu sanasunge mwambo, koma ife tili mkati mokangana munthu ankatha ngati sopo, mpaka tinakaika. Ine sukulu ndinalekera panjira, ntchito yanga inali yogula mbuzi, koma funso linandikhala pakhosi zaka zambiri: munthu amafa bwanji ndi nthenda imene pepala lakana?

Nelesi anapezeka ndi kachilombo, ndipo mankhwala otalikitsa moyo atafika anayamba kumwa, nanenepa mpaka anthu kuiwala. Iyenso anaiwala. Tsiku lokatenga mankhwala likagundana ndi lowokera fodya, wopambana ankakhala fodya, mpaka anangosiyiratu. Munthu ndi wodabwitsa, ana inu: mbewu pa nazale amathirira kawiri patsiku osaphonya, koma kambewu kamodzi ka mankhwala kakumeza amati kamutayitsa nthawi.

Chaka china ndinamupeza m'chigafa mwake akusankha fodya atatsamira mzati, chitenje chitazungulira kawiri, thukuta kamukamu kunja kuli chisanu cha Juni.

"Mkazi wanga," ndinatero, pajatu pachisuweni timatero, "ukanakhala mbuzi sindikanafunsa n'komwe mtengo."

"Choka iwe, wobera anthu pasikelo. Ndi fumbi ili. Makhololo ndinapereka, akuti mulibe kanthu."

"A Mwale anali nalonso pepala lotero."

Iye anati, "Nanga fodyayu asankha ndani? Jeke yodindira mabelo yabwerekedwa ya Lachisanu."

Apo ndinadziwa kuti msika watseguka. Ndinayamba ndi sabata yathunthu kuchipatala cha kuboma, iye anati ngakhale ola limodzi ayi. Ndinatsika kufika masiku atatu. Tinagwirizana tsiku limodzi, fodya wa tsikulo ndidzasankhe ine, ndipo akapanda kupeza kanthu ndisadzatchulenso za chipatala pakhomo pake.

Kumeneko tinapeza dokotala wachitsikana, msinkhu wanu womwewu. Anafunsa za mankhwala, Nelesi akuyang'ana kudenga. Anatenga magazi, nabwera kudzati asilikali a m'thupi atsala ochepa kwambiri. Anafunsa ngati mutu ukuwawa, ngati khosi likuuma, akuti pali nthenda ina ya muubongo yokonda anthu otere, koma imeneyo m'magazi sanaipeze. Kenaka anatulutsa kabotolo.

"Amayi, mukaikemo mkodzo."

Nelesi anandiyang'ana ngati ndamugulitsa. Ine ndinati safunsa anadya phula.

"Adokotala, pepani. Wodwalayu akutsokomola kumtunda. Inu mukukafufuza kumunsi?"

Anaseka, koma anandiyankha ngati munthu. Anati chitetezo chikagwa kwambiri, chifuwa chachikulu sichikhalanso m'mapapo mokha, chimayenda thupi lonse, ndipo m'makhololo chimatha kusaoneka, makamaka wodwala akamangotulutsa malovu chifukwa chofooka. Koma tizilombo take timasiya zizindikiro zotuluka ndi mkodzo.

"Ndiye aliyense wotsokomola azingokodza m'botolo?"

"Ayi agogo. Kayezedwe aka kamathandiza amene chitetezo chawo chatsika ngati mayiwa. Ndipo mzere wosonyeza matendawa ukapanda kutuluka pa kapepala koyezera sitisiya, timafufuzabe njira zina."

Anadontheza mkodzo pa kapepala kochepa ngati chala, ndipo ine ndinakhala pomwepo maso tong'o, kuopa kuti angandisinthire katundu. Tisanathe n'komwe kukangana za amene adzalipire basi, mzere unatuluka. Ndinaganiza za a Mwale ndi mabotolo awo atatu a makhololo aja.

"Mugonekedwa," anatero dokotala. "Tiyamba ndi mankhwala a chifuwa lero, otalikitsa moyo aja tibwezeretsa pakapita masabata angapo."

"Tinapangana tsiku limodzi!" anakuwa Nelesi.

Ndinayesa luso langa lonse. Ndinati masiku awiri, ndinati atatu, ndinatchula jeke, ndinatchula mvula ya chiperoni imene ingawolese fodya. Dokotala wachitsikana uja anangondimvetsera mpaka ndinatha mawu.

"Agogo, fodya akaola mudzadzala wina. Amayiwa akabwerera lero, sindikudziwa ngati adzafike kokolola."

Moyo wanga wonse sindinagulepo chinthu pamtengo woyamba, koma umenewo ndinaulandira. Nelesi anagona masabata awiri, ine ndinasankha fodya wake yense ndi manja ozolowera zingwe za mbuzi, ndipo kumsika mabelo awiri anabwezedwa chifukwa ndinasakaniza masamba. Mpaka lero akandiona patchalitchi amauza anthu kuti ndine amene ndinamugwetsa chaka chimenecho. Ndimavomera, pakuti wakufa sadandaula za mabelo.

Tsono ana inu, lero zoyezera zilipo zimene ife tinalibe. Fumbi limatsokomoletsa, inde, koma chifuwa cha fumbi chimatha ukatuluka m'chigafa. Chikakutsatira kunyumba masabata awiri, thupi likutentha, lamba akusowa boowo, pitani, ndipo mukanene zonse, ngakhale zoti munasiya mankhwala. Akakuuzani kuti sanapeze kanthu koma inu mukumvabe kuti mukutha, musapinde pepala n'kubwerera kuntchito. Funsani mwaulemu kuti, "Kwina mungayang'ane n'kuti?"