Khoma la Kubafa Lilibe Mlandu

Pamzere wa m'sitolo ya zipangizo zomangira, bambo wina anaima atakumbatira hamala yaikulu, mtima uli pa matailosi ake atsopano apakhoma la kubafa. Mayi amene anali kumbuyo kwake anamufunsa ntchito ya hamalayo.

"Ndikagumule khoma la kubafa, mayi. Shawa ikungodontha, paipi yatsekeka mkati."

"Mukakoka kachitsulo kotumiza madzi kushawa, mpopi wapansi umasiya kutulutsa?"

"Ayi, umangothirabe."

"Ndiye khomalo lilibe mlandu, bambo. Madzi anu akuthawira pansipo chifukwa valavu, kotsekera madzi ka mumpopimo, yatha. Mukangosintha imeneyo basi."

"Komatu mutu wanu umagwira. Mwandipulumutsira matailosi. Ndinu pulambala?"

"Ayi, ndimasoka zovala. Kungoti ine langa ndinagumula chaka chatha, paipi n'kuipeza ili bwinobwino."