Diso Limene Ndinabisa m'Duku

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Kwa amene simundidziwa, ndine NyaGoma, telala wa pano pa Tembwe. Khasu langa ndi singano. Ana anga anayi akulira pa makina osokera.

Chaka chatha, nthawi yokolola, chipumi changa chinayamba kuwotcha mbali ya kumanzere. Kenako matuza, kutsetsereka mpaka pansonga ya mphuno. Mlamu wanga anati kangaude wandikodzera. Koma ine ndinadziwa kuti ndi mashingozi. Ndipo mukudziwa zimene timanena kuno munthu akatuluka mashingozi. Timati ali ndi kachilombo. Inenso, pakamwa pomwepa, ndinanenapo anzanga. Mulungu andikhululukire!

Ndiye ndinamanga duku mpaka kuphimba diso. Masiku asanu ndi atatu, abale. Masiku asanu ndi atatu ndikubisa! Diso linafiira, linatupa, dzuwa likalowamo ngati mwathira tsabola. Mlamu, poti anali ndi khanda, anandifinyiramo mkaka wa m'mawere monga tichitira ndi ana. Ululu unangokulirakulira.

Tsiku lina ndinatenga singano kuti ndilowetse ulusi. Misozi mbwee, bowo osaliona. Ndinayesa, ndinayesanso. Ndinachita mantha, ndinalira ngati pamaliro. Amuna anga anandipeza choncho, nati, "Amake Tiyezye, anthu adzanena mpaka adzatopa. Nanga diso likapita, adzakubwezerani ndani?"

M'mawa mwake tinakwera ya ku Chama, kupita kuchipatala. Anesi anandikalipira, ndipo ndinayenera. Anati matuza akafika pamphuno, diso lili pangozi, ndikanabwera masiku oyambirira. Anatinso aliyense amene anadwalapo katsabola angathe kutuluka mashingozi. Anandipatsa mapilisi ndi mankhwala odontheza m'diso. Magazi ndinayezetsa. Zotsatira zake? Sindikuuzani, mayi, musatchere khutu! Kaya muli kachilombo kaya mulibe, diso ndi diso.

Manje lakumanzereli limaona ngati muli utsi, ndipo chipumi chimabayabe nthawi zina. Manyazi anga anadya theka la diso. Theka linalo Mulungu anandisungira, ndipo ndikumuthokoza. Aleluya!

Mlongo wanga, ukaona matuza pankhope, usamange duku. Bwera undigogodere, ndikuperekeza ndine, ngakhale ndisiye nsalu pa makina.

Ulusi ndimalowetsa kachitatu, kachinayi, koma umalowa. A kwaya, taimirirani anthu akuoneni. Mayunifomu amenewo ndasoka ine.