Jekete Yobiriwira M'sewero Langa

Zaka zija ndisanayambe kuyendera ndodoyi, ndikugwira ntchito yonyamula makatoni pa holoselo ina ku Doornfontein kuno ku Joni, akulu a mpingo wathu wa Amalawi adandigwira mkono nati, "A Gomani, inu mudali mphunzitsi kumudzi, tilembereni sewero la pa Khirisimasi, koma lifike Lachisanu." Limeneli lidali Lachiwiri. Ndiye ana inu amene mwabwera kudzandipempha sewero, khalani pansi mumve chifukwa chake ndikukana.

Kwathu ku Ntcheu sewero sitinkalemba, tinkangogawana kuti iwe ukhala mfumu, iwe ukhala chidakwa, ndipo mawu ankabwera okha pabwalo. Koma kuno ku Joni osewera ndi anthu aganyu ndi antchito za m'nyumba, sakumana pakati pa sabata, choncho aliyense ankafuna mawu ake pa foni kuti aloweze ali m'tekisi.

Lachitatu lidadutsa pepala lili mbee. Lachinayi masana ndidakhala pa katoni, cholembera chili m'kamwa, mutu uli gwa, ndipo ndi pomwe ndidakumbukira a Wedisoni.

A Wedisoni adali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Ntchito ya m'gadeni itawathera ankagona pa benchi ku Joubert Park, koma mwezi uliwonse ankabwereka jekete yanga yobiriwira, n'kukaima pambali pa galimoto ya mwini wake, n'kujambulitsa chithunzi chotumizira akazi awo, NaPhiri, kumudzi. Adandiuza akulira, "Achimwene, izi zikhale pakati pa inu ndi ine, NaPhiri akadziwa ndatha."

Ine ndidalemba zonsezo. Ndidangosintha dzina, n'kudziuza kuti anthu otere ndi ambiri mu Joni muno. Cholembera chidathamanga, ndipo Lachisanu akulu aja adandiyamika. Uchitsiru wanga sudathere pomwepo: mnyamata wosewera mbaliyo atasowa chovala, ndidamupatsa jekete yomwe ija.

Tsiku la sewerolo anthu adaseka mpaka kugwira nthiti, a Wedisoni ali pa mzere wachitatu, mutu uli pansi. Kale sewero linkathera pabwalo pomwe laseweredwa, koma masiku ano mafoni anuwa ali ndi miyendo. Sabata isanathe, kanema wa sewerolo adali atafika ku Ntcheu, ndipo NaPhiri jekete ija ankaidziwa mpaka batani lake losweka.

A Wedisoni ndidawapeza kokwerera mabasi ku Park Station atakhala pa chikwama. Ndidati akubwerera kumudzi, koma iwo adati, "Kumudzi ndikaonetsa nkhope iti? Mudasowa nkhani, achimwene, mpaka kutenga yanga?" Ndidapepesa, koma pepani sapoletsa chilonda. Adakwera basi osandiuza kumene ikupita, ndipo kumudzi sadafikeko. Ndafunsa m'mipingo, ndafunsa kwa oyendetsa mabasi, palibe adawaonapo. NaPhiri amandiimbirabe nthawi zina, ine n'kumangoyang'ana foni ikulira mpaka itasiya.

Mtima umandiwawa, ana inu, ndipo sindikhulupirira kuti udzapola ndisanalowe m'manda. Lachisanu lija likadadutsa popanda sewero, Khirisimasi ikadachitikabe, anthu akadaimba nyimbo n'kumapita kwawo.

Ndiye lembani nokha sewero lanulo, mitu muli nayo. Koma tsiku likakupanikizani pepala lili loyera, pitani kwa amene adakutumaniyo mukanene kuti ndalephera, manyazi ake ndi a tsiku limodzi. Musakatenge zimene mnzanu adakuuzani akulira. Jekete ija ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko changa, ndipo ngakhale mu Juni kuzizire bwanji, sindiivala.